Mphete ya pa Phiri la Gubbio

A Maynard a ku Solihull, pafupi ndi Birmingham, amalume ake a Mildred, si munthu wovuta ayi. Iwo amangofuna kuti zinthu zizidzera pakhomo, osati pazenera. Ndiwo anamuphunzitsa Mildred bambo ake atamwalira ku Mitundu, ndipo atapeza ntchito ya unamwino pachipatala chachikulu cha ku Edgbaston, anafikira m'nyumba mwawo mpaka anaima payekha. Lamulo lawo linali limodzi lokha. Mwamuna wofuna Nambewe, paja ndi mmene ankamutchulira Mildred, ayambe watuma wamkulu wa kwawo kwa iwo, eni mbumba, asanachite china chilichonse.

Mwamunayo anapezeka. Dzina lake Fumbani, mnyamata wa ku Rumphi, wamtali, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amachita kugula. Anabwera kuno pa viza ya ntchito yosamalira okalamba, ndipo ankakhala ku Tipton m'nyumba yogawana ndi anyamata anzake, kufupi ndi ngalande yaikulu yodutsamo mabwato. Anadziwana ku kwaya ya mapemphero a Amalawi, komwe Fumbani ankaimba bezi. A Maynard ankamudziwa nkhope yokha, ngati mnyamata waulemu amene amapinda mipando anthu akamwazikana.

Ulendo wa ku Italy anaubweretsa ndi Flossie, namwino mnzake wa Mildred, mayi wapabanja amene sadziwa kukhala pansi. Anaona zithunzi za timatauni takale ta pamwamba pa mapiri m'chigawo cha Umbria, basi mtima unapita. Anakopa mwamuna wake Ronald, anakopa Mildred, Mildred n'kukopa Fumbani. M'galimoto yomwe anakonza zokabwereka kumeneko munatsala mpando umodzi, ndipo amene anaulumphira ndi Patience.

Patience ameneyu tisamudane msanga. Ankagwira ntchito kampani imodzi ndi Fumbani, ndipo Fumbani atangofika, akunjenjemera ndi kuzizira kwa kuno, ndi iyeyo amene anamupezera jekete ndi kumuphunzitsa mabasi. Mumtima mwake ankaona kuti anafika poyamba. Vuto ndi loti Fumbani ankamutcha mlongo, ndipo ankanena zochokera pansi pa mtima.

Kwa amalume ake Mildred anangoti akupita ndi Flossie, Ronald ndi anzawo ena a ku kwaya. Silinali bodza, koma sichinalinso choonadi chonse. Iye ndi Fumbani anali atapangana kuti akabwerako, Fumbani adzatuma munthu ku Solihull monga mwa mwambo.

*

Timatauni timeneti, abale, anatimanga ndi anthu oopa nkhondo. Galimoto mumaisiya kumunsi, kunja kwa linga, kenako mumayamba kukwera wapansi. Ku Spello tinjira take n'topapatiza moti anthu awiri onyamula madengu sangapatukirane, ndipo khoma lililonse lili ndi miphika ya maluwa, ina yolendewera pamwamba pa mutu penipeni. Mildred, mwana wa ku Mitundu kosalala ngati bwalo la mpira, anangokwera pang'ono ali wefuwefu. Nsapato zazitali zomwe anagulira zithunzi anazivula n'kuzinyamula m'manja.

Koma Fumbani anali ngati wafika kwawo. Ankaloza nyumba za miyala n'kumati zikumukumbutsa ku Khondowe, kumene agogo ake ankagwira ntchito ku mishoni, ndipo msewu wokhotakhota womwe anadzera anati ndi mng'ono wake wa msewu wa Gorodi. Gogo aliyense wokhala pakhomo ankamupatsa moni wa Chitaliyana womwe anauphunzira m'ndege, atapinda mawondo, dzanja lina litagwira chigongono. Gogo wina anaseka mpaka misozi, analowa m'nyumba n'kumutulutsira nkhuyu m'mbale. Mildred anamuyang'ana akulandira ndi manja awiri, ndipo anadziwa kuti mwamuna uyu amamukonda mopanda kubweza.

Masana masitolo onse anatsekedwa, tauni yonse zii, eni ake akupuma. Palibe anawauza za chizolowezi chimenechi. Anakhala pamasitepe a tchalitchi ndi buledi wouma ndi tchizi, Flossie n'kutulutsa kabotolo ka tsabola wa kambuzi m'chikwama, Ronald akudandaula kuti anthu awa njala saidziwa. Anaseka tsiku limenelo mpaka nthiti kuwawa.

Patience yekha ndiye ankaseka mochedwa. Pakona iliyonse ankamupatsa Fumbani foni kuti amujambule, akatero amuitane adzaone ngati chatuluka bwino, mitu itagundana. Pa chakudya ankayambitsa nkhani za kuntchito zomwe Mildred sankazidziwa, za gogo wakuti amene amabisa mano ake m'sokosi, za tsiku lomwe basi inawasiya awiriwiri pa chipale. Mildred ankamwetulira, koma mkati munkatentha. Ku Assisi, ali m'tchalitchi chachikulu chija, anapemphera kuti Mulungu amuchotsere nsanje, atatuluka anapeza Patience akukonza kolala ya Fumbani, nsanje ija n'kubwerera yonse.

*

Tsiku lomaliza anapita ku Gubbio, tauni ya miyala yotuwa yotsamira phiri. Pamwamba pa phirilo pali tchalitchi, ndipo kuti mukafikeko mumakwera kadengu kachitsulo kolendewera pa chingwe, kooneka ngati chitatanga cha nkhuku, koimamo anthu awiri basi. Kadenguko sikaima. Mumachita kukathamangira n'kulumphiramo, bambo wina n'kukutsekerani kachitseko.

Patience anali ataima kale pambali pa Fumbani. Flossie, amene maso ake saphonya kanthu, anamukola mkono n'kumuuza kuti iye ali ndi chizungulire, akufuna mtsikana wolimba womugwira. Ronald anakwera yekha akung'ung'udza.

Mildred anatseka maso kadengu katangonyamuka. Anagwira malaya a Fumbani ndi manja onse awiri. Fumbani sanamuseke. Anayamba kumufotokozera zomwe ankaona, madenga ofiira akucheperachepera, minda ya maolivi, mayi wina akuyanika zovala pazenera, galu akuuwa kadengu kawo. Analankhula choncho mpaka pamwamba, munthu amene tsiku lonse satha ndi mawu khumi omwe.

Atatsika, Mildred anatsegula maso n'kuona chigwa chonse chili pansi pawo, mabelu a matchalitchi akulira kumunsi. Anangoti sanaonepo malo okongola chotere. Potembenuka anapeza Fumbani atagwada bondo limodzi pa miyala.

Mphete ija, kunena zoona, sinali ya tsiku limenelo. Anaigula ku Jewellery Quarter, kumasitolo a mphete ku Birmingham, kuti idikire chinkhoswe, ndipo ankayenda nayo m'thumba la mkati chifukwa chitseko cha chipinda chake ku Tipton sichikhomeka. Koma munthu akaona zinthu zambiri m'mafilimu, tsiku lina mawondo amangopinda okha.

"Mildred," anatero, "ine mawu ambiri ndilibe. Ndikufuna ukhale mkazi wanga."

Nkhope ya amalume ake inadutsa m'maganizo mwa Mildred, ndipo anaiona bwinobwino. Akanatha kunena kuti dzuka, tiyambe tafika ku Solihull. Koma azungu anali atazungulira kale, gogo wina atagwira pamtima, ndipo mwamuna amene ankamukonda anali atagwada pansi. Ndani akanamudzutsa? Anatambasula dzanja, anthu anaomba m'manja, Flossie analuluta mpaka nkhunda zinauluka padenga la tchalitchi.

Patience sanaombe m'manja, chifukwa manja ake anali pa foni. Anajambula zonse, osagwedeza ngakhale pang'ono, misozi ikutsika. Asanafike n'kumunsi komwe, kanemayo anali pa status yake ya WhatsApp, atalembapo kuti zabwino zonse kwa achimwene ndi alamu, ndi timitima tofiira mbwee.

*

Ndege isanatere pa Birmingham, kanema uja anali atafika kale ku Mitundu. Mildred atayatsa foni, mauthenga anakhuthuka ngati mtedza, a kwaya, a kuntchito, asuweni a ku Area 25, ngakhale mphunzitsi wake wakale wa Sande sukulu. Onse ankamuyamikira. Amalume ake okha ndiwo sanalembe kanthu, ndipo zimenezi zinamuopsa kuposa kukalipiridwa. Panali uthenga umodzi wa anti Loyce, akazi awo a amalume, wongoti akafika apite ku Solihull asanapite kwina.

Anawapeza a Maynard kuseri kwa nyumba, akuthirira kadimba kawo ka mpiru ndi chibwabwa. Anamuyankha moni bwinobwino, anamufunsa ngati anayenda bwino, ngati Italy ndi wokongola monga amanenera. Kenako anatseka mpopi, anakhala pa benchi, n'kumuuza kuti akhale. Mildred anakhala pa udzu, dzanja la mphete atalibisa pansi pa linzake.

Sanakweze mawu. Anamuuza kuti mayi ake anaona kanemayo pa foni ya mwana wa oyandikana nawo, ali pa mzere kuchigayo, amayi onse a m'mudzi ataunjikana. Anthu anayamba kuwayamikira, iwo osadziwa ndi dzina lomwe la mkamwini. Atafika kunyumba anaimba kuno akulira.

"Mlongo wanga anandifunsa kuti, achimwene, mwamukwatitsa mwana wanga osandiuza? Ine ndinakhala kakasi, Nambewe. Ndikanati sindikudziwa, ndiye kuti mwana amene anandisungitsa ndinamutaya. Ndikanati ndikudziwa, ndiye kuti ndine wakuba."

Mildred analira. Anayesa kufotokoza kuti sizinali zokonzekera, kuti Fumbani anali kale ndi maganizo otuma munthu, kuti amene anaika kanemayo sanawafunse. A Maynard anamvetsera zonse, kenako anati za amene anajambula alibe nazo ntchito. Wojambula anajambula zomwe zinachitika.

Anti Loyce anabwera ndi tiyi n'kuyamba kuzimitsa moto. Anati ana a masiku ano amatero, mnyamatayo ndi waulemu, ndipo iwonso a Maynard pa unyamata wawo sanali mngelo. A Maynard anawayang'ana cham'mbali, koma nkhope inamasuka pang'ono.

Pomaliza anagamula. Mnyamatayo sakumukana, chifukwa sakumudziwa n'komwe kuti amukane. Koma mphete yolowera pazenera singakhale pa chala cha mwana wawo. Aibweze kwa mwini wake, mwini wakeyo atume wamkulu wa kwawo Loweruka, nkhani iyambire pamene imayenera kuyambira. Anati adzafunsa zomwe malume aliyense amafunsa: ndi mwana wa yani, kwawo sanasiyeko mkazi, ndipo kukhala kwake m'dziko lino kwaima pa miyendo yake kapena ayi.

"Iwe uli ndi pasipoti ya kuno," anatero. "Ndaona ana a eni ake akulira muno mu Birmingham, mwamuna atapeza mapepala n'kusowa. Sindikuti iyeyo ndi wotero. Ndikuti ndidzafunsa, ndipo ndikufuna kudzamva zoona."

Mildred anavula mphete pomwepo n'kuimanga pakona ya mpango. Chala chinamveka chopepuka moipa, koma anatuluka pageti mtima uli m'malo. Khomo linali lisanatsekedwe.

*

Masiku otsatirawo analankhulana pafoni pokha. Fumbani anapepesa mpaka Mildred anamuletsa. Anamuuza kuti anapita kale ku Walsall kwa a Rapson, msuweni wa bambo ake, amene anamukalipira m'Chitumbuka kuyambira pakhomo mpaka kukhitchini, kumufunsa ngati kwawo ku Rumphi anamvapo kuti munthu amafunsira mbeta pamwamba pa phiri la eni ake. Atatopa kukalipa anamupatsa chakudya, n'kuvomera kuti Loweruka adzavala jekete lawo la ku ukwati n'kupita ku Solihull.

Patience analembera Mildred uthenga wautali, woti iye anangosangalala nawo, sankadziwa kuti amalume sakudziwa, amukhululukire. Mildred anauwerenga kangapo ali m'basi yochokera ku Edgbaston. Analemba yankho laukali, analifufuta, analemba lina, analifufutanso. Pomaliza anangotumiza kuti zamveka.

Lachinayi masana anapita ku Tipton kukabweza mphete. Anakumana m'mbali mwa ngalande, pa benchi yomwe ankakonda kukhala, pafupi ndi mlatho wakale wa njerwa. Kunali kamphepo, ndipo bwato lina lopapatiza linkadutsa pang'onopang'ono, mwini wake atagwira kapu ya tiyi. Mildred anamasula mpango uja. Fumbani analandira mphete ndi manja awiri, n'kunena kuti aisunga mpaka tsiku lake lenileni.

Mildred anali wosangalala, moti anayamba kutsanzira amalume ake, mawu okhuthala, chala m'mwamba. Ndiwe mwana wa yani? Fumbani anayankha akuseka. Kwanu sunasiyeko mkazi? Anaseka kwambiri, n'kuti anasiyako mbuzi ziwiri basi. Nanga kukhala kwako kuno kwaima pa miyendo yako?

Apa Fumbani sanaseke. Anayang'ana madzi nthawi yaitali, mpaka Mildred anatsitsa chala chija.

Fumbani anamuuza tsopano. Kampani yawo ikutsekedwa. Abwana anawasonkhanitsa onse n'kuwauza kuti aliyense adzipezere sponsa wina, kampani ina yomulemba ntchito n'kumuimira pa viza, apo ayi viza yake idzadulidwa ndipo adzayenera kubwerera kwawo. Wakhala akufunsira ntchito ku Dudley, ku Wolverhampton, kulikonse, koma anthu ofuna malo ndi ambiri ndipo palibe amene wamuyankha. Mildred anafunsa kuti anawauza liti. Fumbani anati kutatsala sabata kuti anyamuke ulendo wa ku Italy.

Mildred anasendera kumapeto kwa benchi. Anakumbukira mwamuna uja akulandira nkhuyu, akumufotokozera madenga ofiira m'kadengu, akugwada pa miyala, ndipo nthawi yonseyo anali atanyamula nkhani imeneyi m'mimba. Fumbani anati sanafune kumuonongera ulendo, ndiponso sanafune kuti amumvere chisoni. Anati ankafuna kumuuza Loweruka lisanafike, n'chifukwa chake akumuuza lero.

Asanayankhe, foni inalira m'chikwama. Anali amalume ake.

A Maynard analankhula modekha kwambiri, ndipo Mildred ankadziwa tanthauzo la kudekha kumeneko. Anati kunyumba kwabwera mlendo, mtsikana wa ku kwaya dzina lake Patience, amene wabwera kudzapepesa za kanema uja. Pocheza ndi anti ake watchula kuti iye ndi anzake onse a kuntchito ali pa mavuto, kampani ikutsekedwa, ndipo anadabwa kuona kuti a m'nyumba muno sakudziwa.

"Ndikufunsa funso limodzi, Nambewe. Pamene unkalandira mphete ija, nkhani iyi unkaidziwa?"

Fumbani ankamva zonse, chifukwa anali pafupi. Mildred anamuyang'ana. Akanena kuti ayi, ndiye kuti Fumbani wathera pomwepo, amalume sadzafunanso kumva dzina lake. Akanena kuti eya, ndiye kuti iye mwini anakhala pa udzu paja, akulira, akubisa chinthu chomwe amalume anachita kumutchulira. Fumbani anapukusa mutu, kumuuza ndi maso kuti asayerekeze.

"Eya, amalume," anatero Mildred. "Ndinkadziwa."

Kenako a Maynard anapuma mozama.

"Ndiye wandipusitsa kawiri, mwana wa mlongo wanga. Auzeni a Rapson Loweruka asavutike."

Foni inaduka. Mildred anaibwezera m'chikwama bwinobwino, anatseka zipi. Sanalire. Chiyambire anali asanawauzepo amalume ake bodza lenileni, ndipo lero anachita zimenezo chifukwa cha munthu amene anamubisira nkhani yaikulu chotere. Fumbani anafuna kumugwira dzanja, iye analibweza.

"Ndataya amalume anga chifukwa cha iwe," anatero. "Tsopano undiyang'ane, undiyankhe zoona. Pa phiri paja unagwadira ine, kapena unagwadira pasipoti yanga?"

Fumbani anamuyang'ana, maso atafiira. Akanatha kulumbira, kutchula Mulungu ndi manda a agogo ake, ndipo Mildred akanakhulupirira, chifukwa ankafunitsitsa kukhulupirira. Koma mnyamata wa ku Rumphi uyu bodza limamukanika pa nthawi yolakwika.

"Ndimakukonda, Mildred, ndipo mphete ndinaigula nkhani ya kampani isanamveke. Koma ndikanena kuti pogwada paja mantha munalibe mumtima mwanga, ndikhala ndikukunamiza."

Mildred anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anaimirira, anakoleka chikwama paphewa, n'kumuuza kuti asamuperekeze.